Kaulusi pa Kolala

"Tobiriwirati ndi tako, Douwe. Tofiirati ndi ta Wietske. Chimene wachifuna m'nyumba muno, mata kako. Mukakumana pa chinthu chimodzi tikambirana ngati anthu, osati ngati abale ako aubweya aja."

Azakhali awo a Froukje anatero akugawa timasitika patebulo, pakati pa makapu a khofi ndi keke yotsala pamaliro. Maluwa anali asanafote n'komwe pamanda a Sybren, bambo wa ana awiriwa, amene aliyense m'banjamo ankawatchula kuti Heit. Koma nyumba ya lendi silira maliro. Eni ake ankafuna makiyi mwezi ukamatha.

Douwe sanaseke nthabwalayo. Anali munthu wamkulu wa zaka zoyandikira makumi anayi, wobadwa ndi otizimu, ubongo wogwira zinthu m'njira yakeyake, ndipo nthabwala ankaziona ngati mvula ya kumudzi wina. Mkati mwa sabata ankawongola masipoko pashopu ya njinga zakale, kenako n'kubwerera kukanyumba kake kukadya buledi ndi tchizi, chakudya chomwechomwecho tsiku ndi tsiku. Anatenga timasitika take n'kulunjika pashelufu ya pabalaza.

Pashelufupo panali zibade za pulasitiki zondandalikidwa bwino. Kumanzere kunali ka changa, kakang'ono ngati dzira, kenako za apusi, za anyani, cha gorila, cha chimpanzi, mpaka cha munthu kumapeto. Douwe ankadziwa mmene zonsezi zinaphukira kwa kholo limodzi kalekale, liti mchira unatha, liti chala chachikulu chinaphunzira kugwira. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankatha kukuyankha za mano a gorila. Anayamba kumata, chibade chimodzichimodzi, akuwongola kasitika kalikonse ndi chala.

Wietske, mlongo wake wamkulu, ankangomuyang'ana, mtima ukuwira. Pashelufu imeneyo kale pankakhala chithunzi cha ukwati wake. Tsiku lina anabwera kudzacheza n'kupeza chithunzicho achipachika m'kanjira, pafupi ndi chitseko cha chimbudzi, ati zibade zachuluka. Mwana wobereka wekha kugonja kwa gorila wa pulasitiki, abale! Zimenezo sanaziiwale.

Iye sankafuna mipando kapena mbale. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, chikhothi cha buluu cha Heit, chimene chinali chikununkhirabe fodya ndi mphepo ya kunyanja. Anapita pakhomo pamene chinkapachikidwa, kasitika kofiira kali pachala. Atafika anapeza kobiriwira kali kale pamkono wake.

"Douwe! Ichi wamata liti?"

"Nditangolowa. Timasitika tinali m'thumba la Azakhali. Ndinatengako kamodzi."

"Ndiye kuba kumeneko."

"Sikuba. Kanali kanga. Kanangofulumira."

"Chikhothi ichi sichikukwana n'komwe. Iwe suvala zaubweya, umati zimakulasa."

"Sindivala ine," anatero Douwe, maso ali pachibade cha chimpanzi. "Uvala iwe. Mawa ndi Loweruka."

Loweruka lililonse, kuyambira Douwe ali kamnyamata, Heit ankamutenga pasitima kupita kumalo osungirako nyama, kukakhala tsiku lonse pagalasi la anyani. Kugwe chipale chofewa, kuwombe chimphepo chogwetsa njinga mungalande, ulendowo sunkalephereka.

"Pasiteshoni pamakhala anthu ambiri," Douwe anapitiriza. "Nkhope zimandisokoneza. Ndimatsatira buluu. Ukavala chako chakudacho ndikutaya."

Wietske anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Mwamva, Azakhali? Sanandifunse ngati ndikufuna. Wangondimata kasitika ngati kabati. Heit apita, ndiye Wietske alowe m'chikhothi, ntchito ipitirire."

"Khala pansi, mwanawe, umwe khofi," anatero a Froukje.

"Sindikhala! Ma Loweruka onse a moyo wanga Heit anakupatsa iwe, Douwe. Onse! Ndikusambira mipikisano, makolo a anzanga akukuwa m'mbali mwa dziwe, bambo anga ali kwa anyani. Ukwati wanga unachitika Lachisanu. Lachisanu, ngati tikuba! Chifukwa chiyani? Chifukwa Loweruka ndi la Douwe. Ine akandiona ankangoona zolakwika. Kaulusi apa, katsitsi apo. Ndifike ndatchena bwanji, moni asanapereke dzanja lili kale pakolala panga, kutola, kuyang'ana, kuuzira. Ngakhale pakhomo la tchalitchi, ndili m'diresi loyera, anapezabe choti atole. Sanandiuzepo kuti ndaoneka bwino. Iwe unapeza bambo. Ine ndinapeza woyendera zovala. Mawa sindikupita kulikonse. Ukakwere wekha sitimayo."

Mawuwo anatuluka onse, ngakhale amene akanayenera kutsala. Douwe anayamba kugwedezeka uku ndi uku, manja akukupiza m'mbali. Anakweza mahedifoni amene ankakhala m'khosi mwake nthawi zonse, n'kutseka makutu, n'kutuluka pabalaza. Anamumva akukhala pamasitepe a m'kanjira.

A Froukje anadula keke mosafulumira.

"Anyani sasekana zikundu," anatero. "Ukuganiza kuti nsanje ili ndi iwe wekha m'nyumba muno?"

"Iyeyo achitire nsanje chiyani? Anatenga zonse."

"Sindikudziwa. Ine ndimangoona. Mchimwene wanga uja anali ngati chitseko chotupa ndi mvula, mawu sankatuluka. Amayi athu atamwalira sanalire, anangopita kukapopa matayala a njinga za anthu onse obwera pamaliro."

Wietske sanafune kumva zambiri. Anatenga chikwama chake kuti azipita, koma njira yotulukira inali yomweyo ya m'kanjira. Douwe anali atakhala pa sitepe yachiwiri, mawondo ali pachifuwa. Atamuona anasuntha hedifoni imodzi, khutu limodzi n'kutsala poyera.

"Changa ali ndi zikhadabo zaphwatalala ngati zathu," anatero, akuyang'ana khoma.

"Douwe, chonde, lero ayi."

"Koma chala chimodzi cha kuphazi chinasunga chikhadabo chosongoka. Zina zonse zinasintha, icho chinatsala. Ndi chopesera ubweya. Mano ake apansi nawonso ali ngati chipeso. Thupi silisunga chinthu nthawi yaitali choncho ngati chilibe ntchito."

"Ndikupita."

"Achimpanzi akamatolana m'ubweya, nthawi zambiri mulibe nsabwe. Amangotola. Ndipo satola aliyense. Amasankha."

Wietske anaima, dzanja lili pachitseko.

"Heit ankatola iwe," anatero Douwe. "Azakhali ayi. Mwamuna wako ayi. Ine ayi."

"Iwe sufuna kugwiridwa."

"Sindifuna. Ndili wamng'ono anayesa, ndinakuwa, anasiya. Sanayesenso mpaka kufa. Koma ndinkakuonerani. Ukalowa pakhomo apa, iwo n'kudzuka pampando, n'kutola. Iwe n'kukankha dzanja lawo. Ndinkakwiya nawe kwambiri. Unali ndi chinthu chimene ine sindingathe, ndipo unkachikankha. Zimandiwawabe."

Ananena zimenezi ndi mawu omwewo amene ankanenera za mano a gorila, osakwera, osatsika. Mwina n'chifukwa chake zinalowa. Wietske anakhala pa sitepe yoyamba, kusiya mpata woti asamukhudze.

"Kumalo a nyama kuja kuli chimpanzi chachimuna chokalamba, chadazi," Douwe anapitiriza. "Chimakonda kutola mwana wake wamkazi. Iye amachimenya dzanja n'kusuntha. Icho chimasunthanso, n'kuyambiranso. Heit akaona amaseka, amati, 'Taona, Wietske uyo.' Kenako amayamba za iwe. Za kusambira, za ntchito yako, za ana ako. Loweruka lililonse. Zinkanditopetsa, chifukwa sizinali za anyani."

Wietske anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira, kulira kwenikweni kumene kunakana kubwera kumanda. Nsanje sinathe ayi, tisanamizane. Ma Loweruka aja anapita ndithu, ndipo ukwati wake udzakhala wa Lachisanu mpaka kalekale. Koma anakumbukira manja aja, okhakhala ndi ntchito ya padoko, akuyenda mosamala pakhosi pake, ndi mmene iye ankawakankhira n'kunena kuti, "Heit, tandisiyani!" Zimenezo zinamupweteka kuposa nsanje.

Douwe anadikira kuti phokosolo lichepe.

"Ukulira chifukwa cha chikhothi? Ukhoza kumakhala nacho masiku enawo. Ine ndimachifuna Loweruka lokha."

"Ndiwe wowolowa manja, achimwene," anatero Wietske akupukuta mphuno.

"Eya."

Anadzuka n'kuchotsa chikhothicho pamsomali. Chinali cholemera. Atachivala, mapewa anagwera m'mikono ndipo manja ake anabisika onse. A Froukje anasuzumira pakhomo la pabalaza, kapu ili m'manja.

"Ukuoneka ngati choopsezera mbalame m'munda wa mbatata," anatero, n'kubwerera msanga kukeke yawo.

"Sindikulonjeza ma Loweruka onse," Wietske anauza mlongo wake. "Ndili ndi ana. Koma mawa tipita. Ukandionetse wamwano mnzangayo."

Douwe anaimirira. Sanamuyang'ane kumaso, anayang'ana pakolala. Anaima nthawi yaitali, dzanja lake lili m'malere, likupita n'kubwerera ngati la munthu woyesa madzi otentha. Kenako anatambasula zala ziwiri, n'kutola kanthu pa ubweya wa buluuwo, osakhudza khungu.

Sikanali kaulusi. Kanali katsitsi kamodzi kakafupi, koyera mbee.

Anakakweza cha kuwindo, n'kukayang'ana ndi diso limodzi, mutu utapendekeka kumanzere, mlomo wapansi utatuluka pang'ono. Wietske ankaudziwa mutu wopendekekawo. Ankaudziwanso mlomowo, zonse zinali za Heit. Douwe anauzira kamodzi, fuu, katsitsi kaja n'kuuluka.

Kenako zala zija zinabwereranso pakolala kukafuna kena, ndipo Wietske anaima duu, osasuntha.