Theka la Kapu pa Tsiku la Opaleshoni

M'mawa umenewo banja lonse linali patebulo, koma amake mapasa okha ndiwo analibe mbale. Anakhala kumapeto, chikwama cha kuchipatala chili pamiyendo, akuyang'ana ana awo akudya buledi.

Chaka chathunthu chakudya chinali mdani wawo. Akangodya, pansi pa chifuwa pankapota mpaka kugwada. Anawonda moti masiketi ankawabweza okha pamakina awo osokera. Kenako madokotala anapeza vuto: kamnofu kolimba kankapanikiza mtsempha wopereka magazi kumimba, ngati phazi loponda paipi ya madzi. Anati akadula kudzera pa timabowo ting'onoting'ono, akuyang'ana ndi kamera. Tsikuli analidikira miyezi isanu. Lamulo linali limodzi: afike m'mimba mulibe kanthu.

Amuna awo atatuluka kukaliza galimoto, mayi awo owabereka anasendera pafupi ndi kapu.

"Mwanangu, meza pang'ono. Ndi tiyi chabe, ndathiramo kamkaka."

"Amayi, anakaniza."

"Anakaniza chakudya. Mpeni ukakupeze ndi njala? Taona manjawa, ngati timitengo."

Mayiwa, chaka chonsecho, ankanyengerera supuni iliyonse imene mwana wawo wameza. Kuwakanira kunali kovuta. Amake mapasa anamwa theka la kapu, n'kumezera kachidutswa ka buledi.

Kuchipatala, dokotala wogonetsa odwala anabwera ndi pepala.

"Munadya liti komaliza, mayi?"

"Dzulo madzulo," amuna awo anayankha monyadira. "Ndalondera ndekha ngati mlonda wa pasitolo."

"Ndikufunsa eni ake. Tikakugonetsani, zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Ena sadzuka."

Cholembera chinaima papepala. Amake mapasa akangogwedeza mutu, alowa pompano. Akanena zoona, mwina miyezi ina isanu ya kugwada pansi.

"Ndamwa tiyi wa mkaka. Ndi buledi pang'ono. Cha m'ma seveni."

"Amake mapasa! Wakupatsani nda..." Amuna aja anaona apongozi awo akupotokola nsonga ya mpango, mawu n'kuwameza.

"Ndine, bambo," mayiwo anatero chapansipansi. "Mundikalipire ine."

"Mwachita bwino kunena," dokotala anatero. "Papite maola sikisi. Tilowetsa ena kaye. Adokotala odula akamaliza nthawi ilipo, mulowa. Apo ayi, mubwerera kunyumba kukadikira tsiku lina."

Anakhala pabenchi ya m'khonde atatuwo, osayang'anana. Machira oyamba anadutsa, kenako achiwiri. Wokolopa anawauza kuti akweze miyendo, onse anakweza. Wani koloko inakwana, maola sikisi aja n'kutha, koma chitseko cha chipinda cha opaleshoni sichinawatsegukire. Machira achitatu atalowa, anakhalitsa. Amuna aja ankangopita pazenera n'kubwerako. Apongozi awo ngakhale madzi anawakana.

Itadutsa fili koloko, namwino anasuzumira.

"A mtsempha aja ali kuti? Vulani ndolo msangamsanga, adokotala asanasinthe maganizo."

Dzuwa likupendeka, dokotala wodula anatuluka akumasula kansalu kakukamwa.

"Tadula. Magazi akuyenda bwino."

Mayi aja anangokhala pansi pasimenti, n'kuphimba kumaso.

Kutacha, namwino anakoka katani n'kuyang'ana timapulasitala tisanu pamimba.

"Dzukani, tiyende pang'ono."

"Anamwino, mwadula pamimba, nanga phewali likuwawiranji?"

"Ndi mpweya umene tinapopera m'mimbamo. Umatha ndi kuyenda. Abambo, gwirani chitsulo cha diripicho, musangoima ngati mlendo."

Amake mapasa anatsitsa miyendo pang'onopang'ono. Mayi awo anagwada n'kuwaveka masilipasi, lina kuphazi lolakwika, n'kubwezanso. Anayenda mpaka pasinki ya kumapeto kwa wodi, anapumira pamenepo, n'kupempha mswachi.