Diso Loyamba la Mzere

Tangoganizani: n'chifukwa chiyani makaniki uja, munthu wochapa yekha zovala za mwana wake, salola kuti juzi yofiira ya mwanayo ikhudze madzi?

Amene anayamba kuluka juziyo ndi mkazi wake. Thupi la juziyo analimaliza akadali bwino, mkono wakumanja anauluka n'kuusokerera atayamba kudwala, koma wakumanzere anausiya pakati, singano zili chibayire mumpira wa ulusi. Maliro atatha, thumba la zolukalo linangokhala pamsomali kuseri kwa chitseko, mpaka tsiku limene mwana anafunsa kuti, "Adadi, amama anati juzi ija ndidzavala kukayamba kuzizira. Ndiye basi?"

Makaniki analumbira kuti aimaliza yekha. Anaphunzira kuluka poonera pafoni, zala zake zolimba ndi masipanala zikulimbana ndi ulusi. Atayamba kuzolowera, anatenga mkono wosatha uja n'kuuyang'anitsitsa. Maso a ulusi, timfundo tija timene timandandalika pasingano, anali ofanana onse kupatula a m'mphepete. Amenewo anali ataliatali, limodzi lokha kukwera mizere iwiri. Mtima unamupweteka. Anaganiza kuti matenda ndi amene ankamulumphitsa mkazi wake diso loyamba la mzere uliwonse, ndipo sanafune kuti anthu adzaone pamene manja a malemu anafookera. Monga amachitira ndi injini yomangidwa molakwika, anamasula zonse. Anasolola singano n'kukoka ulusi mpaka mkono wonse unatha.

Poti ayambirenso, pepala la malangizo limene linali m'thumba lija linamuimitsa mutu. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse kunali chidule cha zilembo ziwiri chimene sanachimvetse. Anapita nalo, pamodzi ndi thumbalo, kwa mlamu wake, mkulu wa malemu, amene amasoka pakhonde la sitolo.

"Alamu, magalimoto akukanani?" anaseka telalayo. "Mawa timva kuti mwayamba kuluka tsitsi!"

"Sekani, koma mundiuze ichi."

Mlamu anavala magalasi. "Apa akuti diso loyamba musaliluke. Lowetsani singano yakumanja, ulusi osaukulunga, kenako lingoolotsani lipite kusingano imeneyo. Ndiye limatalika, m'mphepete mumaoneka ngati tcheni, posoka sipavuta. Mng'ono wanga ankazitha zimenezi kuposa ine. Tulutsani mkono wakewo ndikulozereni."

Makaniki anangoima, thumba lili m'manja.

"Sikunali kulakwitsa?"

"Kulakwitsa? Iye uja? Ngakhale m'chipatala, dzanja lili ndi diripi, sanaphonyepo diso." Mlamu analanda thumbalo n'kusuzumira. Munalibe mkono, munali mulu wa ulusi wopindikapindika. "Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndimati ndimubisire manyazi," anayankha makaniki.

Munthu amene anabwera kudzasoketsa zipi anawayang'ana onse awiri n'kubwerera yekha. Patapita nthawi, mlamu anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala pamakina.

"Zachitika basi. Ulusi womasula umatere, umasunga mapindi a diso lililonse. Mukauviike m'madzi, muuyanike, uwongoka ngati watsopano."

Makaniki anatola kachingwe kamodzi n'kukagoneka pachikhatho. Kanali kopindika mofanana kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto.

"Ndiye mapindi awa ndi ake?"

"Ndi ake."

Sanauviike. Analuka nawo momwemo, diso loyamba la mzere uliwonse akuliolotsa osaliluka, monga ankachitira mwini wake. Mkonowo unatuluka wamakwinya, wosiyana ndi unzake, ndipo mwana atauona anati, "Adadi, uwu ukuoneka wokalamba." Komabe anaivala, ndipo kukazizira amaivalabe. Ikada m'khosi, bambo ake amaikutumula, amaiyanika pamphepo, n'kuipinda.

Madzi amawongola ulusi, ndipo mapindi amenewo ndiwo okha atsala a zimene mkazi wake analuka komaliza.