Chidakwa Chosadziwa Kukoma kwa Mowa

Mayi a Mapasa anali asanalawepo mowa chibadwire, koma pofika mwezi wachitatu maso awo ali psuu, kuntchito konse kunali kutamveka kuti ndi chidakwa. Ankagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala, m'kachipinda ka kumbuyo kopanda zenera, kodzaza nthunzi ya simbi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Zaka khumi ndi ziwiri anasita m'menemo osawotchapo ngakhale kolala imodzi.

Tsopano ankadzuka zikope zitamatana ndi manthongo, m'maso muli ngati wina wathiramo mchenga. Kuwala kunkawabaya, misozi inkangotsika yokha, ndipo kachithupsa kakaphwa pa chikope ichi, kena kankatuluka pa chinacho. Anagula magalasi akuda kuti abise manyazi. Apo ndiye anaiputa nkhani. Munthu wolowa pantchito seveni koloko m'mawa atavala magalasi akuda, uku akupapasa chitseko, mufuna anthu anene kuti chiyani?

Amene anafalitsa mbiriyi anali mnzawo wopinda zovala, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa sankazima. Wailesi anauza aliyense kuti iyeyo matsire amawadziwa bwino, popeza bambo ake anali katswiri. Mlonda wa pageti naye anayamba kuwapatsa moni wachinansi, kuwatsinzinira diso, mpaka kuwanong'oneza komwe kumapezeka mowa wabwino. Mayi a Mapasa, munthu wotsogolera nyimbo kutchalitchi, zinkawapweteka mumtima moti ankakadzitsekera kubafa n'kulira. Akatuluka, maso anali atafiira kuposa kale, Wailesi n'kumangogwedeza mutu.

Lachinayi lina m'maso munachita chifunga, ndipo anasiya chizindikiro cha simbi pamsana pa jekete loyera la kasitomala. Abwana anawaitanira mu ofesi. Anayamba awanunkhiza kaye mochenjera, ngati akufuna kutola cholembera pafupi nawo.

"Mayi, za moyo wanu ine sindilowerera," anatero abwanawo. "Koma Lolemba mubwere ndi kalata ya kuchipatala yonena chimene chikukuvutani. Apo ayi, musavutike n'kubwera."

Kunyumba anapeza alamu awo, mlongo wa amuna awo, mayi wodziwa matenda onse a padziko pano kupatula ake. Ndi alamu omwewa amene miyezi yapitayo anawabweretsera mafuta oyeretsa khungu, ati achotse tiziphuphu tomwe tinkawatuluka m'masaya ndi pamphuno. Tiziphuphuto tinathawa sabata imodzi, kenako tinabwerera ndi abale awo. Kuyambira pamenepo Mayi a Mapasa ankangotikwirira ndi paudala wambiri, ndipo sankaona kuti tikugwirizana pati ndi maso.

Alamu atamva za kalata anaseka. Ananena kuti kuchipatala n'kongotayako tsiku pamzere, maso amenewa agwidwa ndi chimfine basi, ndipo chimfine mankhwala ake ndi nthunzi. Anabwatitsa madzi, kuwathira m'beseni, kuwagwaditsa mayiwo pamwamba pake n'kuwafunditsa bulangete. Mayi a Mapasa akadandaula kuti nkhope ikuwotcha, alamu ankapanikiza bulangetelo n'kunena kuti ndiye kuti akugwira ntchito.

Atawavundukula, nkhope inali itatupa, maso atatsala timing'alu. Nthawi yomweyo bambo a mapasa analowa kuchokera kuntchito, n'kuvula chipewa mwaulemu.

"Takulandirani alendo. Mayi a m'nyumba muno atuluka?"

Palibe anaseka kupatula mapasawo, amene anachita kugubuduka pansi. Kutacha bambowo anawaperekeza akazi awo kuchipatala, atawasiya alamu akufotokozabe kuti cholakwika chinali bulangete lopyapyala.

Namwino wa maso anali mayi wamkulu, wakuda bii ngati iwo omwe. Anawaunika ndi katochi, kutembenuza zikope, kenako anawapatsa kansalu konyowa kuti apukute paudala yense.

"Anamwino, ine ndabwerera maso. Nkhopeyi isiyeni, ndi yanga."

"Ndi yanu ndithu, mayi, koma yankho lili pamenepo. Pukutani."

Anapukuta monyinyirika. Namwino anayang'ana tiziphuphuto ndi zigamba zoderako m'masaya, n'kuyamba kufunsa. Kodi kumaso kumatentha akamwa tiyi wamoto? Nanga akadya tsabola, akayenda padzuwa, akapsa mtima? Mayi a Mapasa ankangoti eya, eya, mpaka anayamba kukayika ngati namwinoyo sakhala kuseri kwa nyumba yawo.

Namwino anawauza kuti matendawa amatchedwa rozeshiya, ndipo ndi a pakhungu la kumaso koma kwa ena amagwiranso maso. Kwa anthu oyera khungu nkhope imafiira, aliyense n'kuona msanga. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, choncho amayi ambiri amatha zaka akugula mafuta a ziphuphu uku, madontho a m'maso uko, osadziwa kuti vuto ndi limodzi. Anati si opatsirana, sabwera chifukwa cha uve, ndipo amagwira ngakhale munthu wosamwa. Kutentha kumawautsa, ndipo mafuta ambiri oyeretsa khungu amawakulitsa. Atamva za bulangete lija, namwino anavula mandala ake n'kuwatumiza kwa dokotala.

Dokotala anatsimikiza zomwezo, n'kulemba mapiritsi, madontho onyowetsa maso ndi kalata ija. Anawalangiza kuika kansalu kofunda pang'ono pa zikope tsiku lililonse n'kuzitsuka bwino, kuvala chipewa padzuwa, ndi kutaya mafuta a alamu. Anati matendawa satheratu koma amagonja ukawasamala. Kenako anawauza nkhani yowawa: kutsogolo kwa diso lamanzere kunali kale kachipsera chifukwa chochedwa, ndipo disolo mwina silidzaonanso bwinobwino ngati kale.

Lolemba anafika molawirira. Abwana anawerenga kalatayo kawiri, dzina la matenda likuwakola lilime, kenako anakhosomola n'kunena kuti nkhani yatha. Kuyambira tsikulo mayiwo azikhala kutsogolo, kolandirira zovala, kutali ndi nthunzi. Anawalozera khomo mwaulemu, koma Mayi a Mapasa sanasunthe.

"Ntchito mwandibwezera, bwana, zikomo. Koma dzina langa likadali kumbuyo uko, m'kamwa mwa anthu."

Abwana anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, n'kuona kuti palibe kothawira. Anaitana onse, ochapa, opinda, ndi mlonda yemwe, n'kulengeza kuti mayiwa akudwala matenda a khungu ndi maso, si chidakwa, ndipo iwo eni analakwa kuwaganizira zoipa. Mlonda anaoneka wokhumudwa ngati wataya m'bale. Wailesi anazima kwa nthawi yoyamba chilembedwere ntchito, ndipo atayaka anali ndi mawu aang'ono.

"Koma anzanga, miyezi yonseyi mukuvutika chonchi, bwanji osanena?"

Mayi a Mapasa anavula magalasi aja, n'kumuyang'ana ndi diso lawo labwino.

"Miyezi itatu tikugwira ntchito tebulo limodzi. Munandifunsapo?"

Phunziro: Maso akamafiira, kuyabwa ndi kutuluka tizithupsa pafupipafupi, kumaso kukutenthanso kapena kutuluka ziphuphu zosamva mankhwala, pitani kuchipatala msanga ndipo mukanene zonse ziwiri, za maso ndi za khungu. Pa khungu lakuda rozeshiya amabisala, ndipo kuchedwa kungawononge diso. Mnzanu akasintha maonekedwe, mufunseni musanamuweruze.