Laputopu ya malemu bambo

Bambo anga a Fulansisi atamwalira, abale awo anati katundu agawidwa Loweruka. Ine ndinkadziwa kale kuti laputopu ipita kwa a Alfonsi, mng'ono wawo, munthu amene pa maliro anayang'ana kwambiri njinga kuposa bokosi. Ndinapsa mtima. Mu laputopu imeneyo munali nyimbo zonse zimene bambo anajambula pophunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Kapata, mawu awoawo, ndi kutsokomola komwe. Amayi ankamvera m'mawa uliwonse akusesa.

Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru za mwana wa ku koleji. Ndichotsemo Windows, ndiikemo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene tinaphunzira m'kalasi. A Alfonsi akaona zachilendo anena kuti yafa, aisiya.

Lachinayi masana, amayi ali kumsika, ndinakopera nyimbo zonse pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta. Fulashi ndinali nayo imodzi yokha. Kenako ndinatsitsa Linux pa intaneti n'kuilemba pa fulashi yomweyo, chifukwa poiika umayambira pamenepo. Kauthenga kochenjeza kanatuluka, ine osawerenga, maso ali pageti. Itafunsa ngati ifufute zonse za mu laputopu, ndinavomera ndi mtima umodzi. Si nyimbo ndasunga?

Inalowa bwinobwino, n'kuyamba kuthamanga ngati yatsopano. Nditatsegula fulashi kuti ndibwezere nyimbo, munalibe ngakhale imodzi. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene aphunzitsi ananena kawiri konse: ukalemba Linux pa fulashi, zonse zimene zinalipo zimafufutika. Ndinakhala pansi pa simenti.

Lachisanu m'mamawa, amayi asanaifune, ndinathamangira nayo kwa Mandla, wokonza makompyuta m'tauni. Anayesa mpaka dzuwa kupendeka. Anapezamo zithunzi zitatu ndi kachidutswa ka nyimbo kongolira ngati wailesi yosowa siteshoni.

"Achemwali, madzi akatayika sawoleka," anatero. "Kulibe wina wa kwaya amene anakoperako?"

Kunalibe. Bambo ankakana kugawa nyimbozo, ankati azikonze kaye.

Loweruka abale anadzaza pabwalo. Njinga inapita, masuti anapita, ngakhale makasu. Amayi anangokhala pamkeka, mutu uli pansi. A Alfonsi anatsegula laputopu, n'kudina apa, kudina apo, nkhope itakwinyika.

"Iwe Tamiwe, chimenechi chatani?"

"Chinayamba kuvuta kalekale, bambo aang'ono."

"Zinyalala ine ayi. Khala nacho."

Ndinapambana, koma laputopu imene ndinanyamula inalibe mawu a bambo.

Anthu atabalalika, amayi anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko. Anandigwira manja onse awiri. Chimwalirireni bambo ndinali ndisanawaone akumwetulira, koma apa anamwetulira.

"Ndaona zimene wachita, mwana wanga. Wandipulumutsira mwamuna wanga. Atenge zonse, bola mawu ake atsala m'nyumba muno."

Iwo anakhala pabedi, nakonza duku lawo lakuda, manja n'kuika pamiyendo ngati ali pa Misa.

"Yatsa," anatero. "Ija ya Pasaka, imene amaseka pakati."