Masamba Otsuka a ku Milonde

Ireen anapita ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri ya zamakompyuta, osati kukatuluka thukuta ndi statistiki. Phunziro limeneli ankalowa chifukwa linali lokakamiza basi. Ankakhala kumbuyo, khutu limodzi kwa aphunzitsi, lina ku foni.

Ntchito yake yomalizira inali pulogalamu ya pafoni yoyang'ana tsamba la tiyi n'kunena ngati likudwala. Anapita kwawo ku Milonde, n'kupempha alimi kuti amubweretsere masamba a m'minda mwawo. Alimiwo anabwera nawo m'malichero. Pulogalamu inawaona onse, n'kugamula kuti ku Milonde kulibe tiyi wodwala. Mtsikana anakondwa ngati wapambana mpira.

A Filipo, aphunzitsi omuyang'anira, sanakondwe nawo. Anangofunsa pa foni kuti, "Masambawa anasankha ndani? Ukalephera kuyankha, digiri chaka chino uiwale."

Ireen anakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Khutu limodzi lija linali litatolako kanthu m'kalasi ya statistiki: wolawa ndiwo amayamba wavundula mphika. Anathamangira kwa azakhali ake, a Eneles.

"Azakhali, masamba aja munkathyola pati?"

"Pabwino, nanga pati? Mwana wa achimwene wabwera ndi makina a ku yunivesite, ine ndimupatse zofiira? Anthu ati chiyani? Enafe tinachita kutsuka!"

Ireen anaseka mpaka misozi. Mudzi wonse unamulandira ngati mlendo, ndipo mlendo sapatsidwa mbale yong'aluka.

M'mawa mwake analowa yekha m'minda. Foni inkachita maere, kusankha mzere ndi mtengo, iye n'kupita pomwepo, kaya ndi pamatope. Azakhali ankamulondola pambuyo akudandaula. "Iwe, uko ayi! Wabwino ali kuno!" Amayi othyola tiyi anagwirizana kuti sukulu yamuzunguza mutu mwana wa eni.

Pofika Lachisanu zinaoneka kuti mitengo yambiri ndithu inali ndi tizilombo. A Filipo atawerenga zotsatira zatsopanozi anaimba foni akuseka. "Tsopano iyi ndi ntchito. Ukasite gauni yolandirira digiri."

Ireen anavina pakati pa munda. Atacheuka, anapeza azakhali ataima pa mtengo wina wa m'munda mwawo umene maere anagwera, akutembenuza tsamba lofiirira m'manja.

"Mtengo uwu ndimaudziwa," anatero a Eneles motsitsa mawu. "Chaka chonsechi ndimangoulambalala. Tandiuza, mankhwala ake ndi ati?"