Lamba wa Ba Morris

"Wonjezela shuga, iwe, ine sinidwala," anatero Ba Chiti, akugwedeza kapu.

Bethany anawonjezera, akuyang'ana khosi lonona la azakhali akewo. Bambo ake a Bethany, Ba Morris, anaikidwa dzulo lake, ndipo lero abale anadzaza pabalaza ku Kabwata kudzagawana zovala za malemu. Kumanda misozi inkawavuta kutuluka. Apa maso anali gwa pa masutikesi.

Ba Chiti anatembenukira kwa mlamu wawo, Emmy, mayi ake a Bethany, amene anakhala pansi atafunda chitenje chakuda.

"Emmy, mlongo wanga sanali kudwala. Ku kiliniki banakamba kuti shuga ili chabe pa malile, ikalibe kukhala matenda. Koma iwe unamumana tiyi wabwino, unamuyondesa, na kumupitikisa kuseni-seni, kukalibe kucha, kuti aziyenda mu msewu monga galu. Asembe anali gone pabedi, minibasi sembe inamugunda? Mu nyumba muno suzankhalamo."

Pakona, Bruce, mng'ono wa malemu, anali atavala kale jekete ya suti yotuwa, akulimbana ndi batani lomwe linkakana kuwoloka mimba yake.

"Iyi suti ni ya mwana wa sukulu?" anaivula n'kuiponya pampando.

Ba Kapembwa, amalume a malemu, amene ankagawa zinthuzo, anatola lamba wakuda. Kupitirira mabowo a kusitolo kunali mabowo ena, okhotakhota.

"Aya anaboola ndani?" anafunsa Ba Kapembwa.

"Mwaona!" anakuwa Ba Chiti. "Munthu anasila monga nsomba youma!"

"Banaboola beka, na msomali." Bethany sanadikire kupatsidwa mpata. "Amayi banali kubalesa, ati mwayonda maningi, bantu bazanikamba. Adadi banali kuseka chabe. Suti iyo mwataya, ba Bruce, ni ya pa ukwati wawo. Sande iliyonse banali kuiyesa. Onani kumapeto kwa lamba, pali kadontho ka bolopeni. Ati lamba ikafika apo, suti izakwana, bazatenga amayi ku chalichi bakakwatilane futi."

"Vachibwana," anatero Ba Chiti. Koma palibe anawavomereza, ndipo anabisa pakamwa m'kapu yawo yotsekemerayo.

Ba Kapembwa anayandikiza lamba kumaso. Kadontho kanalipodi, kabuluu, pafupi kwambiri ndi bowo lomaliza. Anatola suti ija, anaikung'untha, anaipinda mosamala, n'kuika lamba pamwamba pake. Kenako, ngakhale mawondo ankawawawa, anagwada n'kuziika pamiyendo pa Emmy.

"Ivi sivigabiwa," anatero. "Na nyumba futi. Chiti, siliza tiyi wako."

Emmy anasisita kadonthoko ndi chala chachikulu kwa kanthawi. Kenako anatukula mutu, koyamba kuyambira m'mawa.

"Bethany," anatero motsitsa, "msomali uja uli pawindo la kukhitchini. Bwelesa, niboole pa kadontho apa."