Kachitini ka M'thumba la Juzi

Munthu wagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu ndi zinayi, akukwera mapolo m'tchire momwe ngakhale njinga sidutsa, ndiye inu mukamuphunzitse za kukonzekera? A Mawaya sankauzidwa zimenezo. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ngakhale atapuma pa ntchito, msewu wonse unkangoti a Mawaya, ndipo eniake ankavomera mokondwa.

Chimene ankadziwika nacho chinali kachitini ka m'thumba. Kanali ka polishi wa nsapato, kotsuka ndi sopo mpaka fungo kutha. M'katimo munkagona machesi asanu oviika mu kandulo yosungunula kuti asanyowe, singano yolowetsa ulusi kale, lezala, pulasitala, mapiritsi awiri a mutu, maswiti awiri, ndi kawaya ka kopa kopinda ngati mphete. Akatseka, ankazunguliza tepi yakuda ija ya magetsi katatu, akuikoka mwamphamvu mpaka kakhutu kotsegulira chitini kubisika. Madzi sankalowa, fumbi silinkalowa, ndipo chala cha mnzako wopempha machesi a fodya sichinkalowanso.

Lomalizali ndiye linali lamulo lalikulu. Chaka china galimoto ya kuntchito inawafera kutali ndi kwa anthu, mvula ili pamsana, ndipo atatsegula kachitini anapeza machesi mulibe. Mnzawo wina anali atasutira fodya dzulo lake. Anatha masiku awiri osaona moto. Kuyambira pamenepo kachitini ka a Mawaya sikankabwerekedwa, kaya ndiwe bwana, kaya ndiwe mlamu.

Akazi awo ankawaseka nako. "Munthu mukupita kokagula mchere pagolosale pomwepa, mwanyamula chipatala chonse m'thumba," ankatero. Koma batani la bulauzi likathothoka ali m'basi, ankawagunda amuna awo ndi chigongono, osanena kanthu. A Mawaya ankamatula tepi okha, kusoka batani okha, ndipo ankatsika basiyo atamatanso.

Kuseka kumeneko kunatha pang'onopang'ono. Amayi anayamba ndi kuiwala ketulo pamoto. Kenako mchere unayamba kulowa mu tiyi, ndipo tsiku lina anapezeka akuchapa zovala zochapa kale. Pambuyo pake anayamba kugawa katundu. Aliyense wodutsa pageti ankachokapo ndi kanthu: mbale, tawulo, nsapato ya phazi limodzi. Madzulo oyandikana nawo ankabweza zinthuzo mwakachetechete, ndipo a Mawaya ankathokoza nkhope ili pansi. Zonsezo zinali zopiririka. Chosapiririka chinali kusochera. Koyamba anawapeza kuseri kwa sukulu. Kachiwiri anabwera nawo ndi wokonza njinga wa pamlatho, atawakweza pakaliyala ngati mwana.

Mwana wawo wachisamba, wamkazi, namwino, ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Atamva za pamlathopo anabwera, ndipo sanazungulire.

"Bambo, kwathu kuli mpanda ndi geti lokiya. Amayi akagona ndi adzukulu awo. Ine ndikakhala ku ntchito, apongozi anga amakhala pakhomo."

"Nanga ine?"

Namwino anayang'ana kudenga. "Nyumba ija mukuidziwa, bambo. Zipinda ziwiri, anthu asanu ndi mmodzi."

A Mawaya ankaidziwadi. Anali ataikokera okha mawaya. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi anali asanagonepo nyumba yosiyana ndi akazi awo, kupatula pamene ntchito inawatengera kutchire, ndipo tsopano mwana amene anamusinthapo matewera ankawauza kuti malo alipo a munthu mmodzi.

"Iwe, ndipatse mpata. Ndikonza."

"Mukonza chiyani, bambo? Si fyuzi iyi."

"Ndati ndikonza."

Anagwirizana chimodzi: amayi akasocheranso, namwino abwera kudzawatenga, ndipo sipadzakhala zokambirana.

Basi ya namwino isanafike n'komwe patali, a Mawaya anali atayala nyuzipepala patebulo. Anatsuka kachitini kena. Lezala ndi machesi anaziika pambali, poti m'manja mwa amayi zimenezo zinali ngozi. Anaikamo maswiti anayi, piritsi limodzi la kuthamanga kwa magazi lokulunga m'pepala la siliva, pulasitala wa matuza a kuphazi, phini, ndi kawezulo kakang'ono. Kenako anatenga cholembera, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha ngozi: MAYI AWA AMAIWALA. CHONDE IMBANI NAMBALA IYI. AMUNA AWO AKUWADIKIRA. Pansi pake anaika nambala yawo. Ya namwino sanaike, ndipo chifukwa chake mtima wawo unkachidziwa. Anapinda kapepalako kanayi, nakakulunga m'pulasitiki, nakagoneka pamwamba pa zonse. Anatseka, nazunguliza tepi katatu, monga mwa masiku onse. Anakaviika m'ndowa kwa ola lathunthu, ndipo atapukuta anakagwedeza pafupi ndi khutu. Munali gwa, mouma. M'kati mwa juzi yofiirira imene amayi sankaivula anasokamo kathumba ka batani.

Tsiku lachiwiri lokha, amayi anapatsa kachitiniko munthu wogulitsa matsache. A Mawaya anamuthamangira atavala masilipasi, mkulu wa imvi akuwefuka msewu wonse ukuonerera. Atabwerako anakhala pansi pafupi ndi akazi awo, nawagwira manja onse awiri.

"Amayi, tamverani. Aka n'kanga. Ndakusungitsani inu. Musapatse munthu."

"N'kanu?"

"N'kanga. Musapatse munthu. Tanenani."

"Ndisapatse munthu."

M'mawa uliwonse akamwa tiyi ankabwereza. Masana ankabwereza. Amayi ankaiwala tsiku, ankaiwala kuti adya kale, ankafunsa za amayi awo amene anamwalira zaka makumi awiri zapitazo, koma mawu awiriwo anakhazikika. Wogulitsa matsache atadutsanso, a Mawaya anabisala kuseri kwa katani. Amayi anamupatsa munthuyo sefa ya tiyi, koma dzanja lina linali litagwira pachifuwa pa juzi. A Mawaya anamwetulira okha. Anamva ngati tsiku limene ankayatsa thiransifoma yatsopano, mababu a dera lonse n'kuyaka nthawi imodzi.

Miyezi iwiri inadutsa bwino. Tsiku lina Lachiwiri masana, mitambo itada, anakwera padenga kukamata lata limene linkadontheza pabedi. Geti anali atalimanga ndi waya, wopota bwino. Koma mkazi wa munthu wa mawaya amadziwa kumasula waya. Atatsika, makwerero ali paphewa, geti linali pululu.

Anathamangira kusukulu. Anapita pamlatho. Anazungulira msika kawiri, foni ili m'manja, batire lodzaza. Mantha analipo, koma osati kwambiri, poti ankadziwa chimene chinali m'thumba la juzi. Wina awaona, awafunsa, atsegula, aimba. Nkhani yake inali ya ola limodzi kapena awiri, ndipo namwino sakanamva n'komwe. Mvula inayamba cha m'ma folo. Foni inalira kamodzi, ndipo a Mawaya anatsala pang'ono kuigwetsa. Anali munthu wolakwitsa nambala.

Kunacha Lachitatu ali chivalire zovala zonyowa. Oyandikana nawo anagawana misewu, ena kuchipatala, ena kupolisi. Mayi wa nyumba yoyang'anana nayo ndi amene anawauza mosapsatira: "A Mawaya, mwanayo muimbireni. Amayi ake ndi amenewa." Anaimba dzuwa lili pamutu. Namwino sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Kuyambira liti?" Atamva kuti dzulo, anadula foni, ndipo kudulako kunawawa kuposa kutukwana.

Lachinayi m'mawa, namwino atafika kale, apolisi anatumiza uthenga kuti kudepoti ya mabasi, mbali ina ya tauni, kuli mayi wachikulire wa juzi yofiirira. Anawapeza m'kachipinda kosungiramo matsache ndi ndowa, atakhala pa katoni, atafunda chovala cha ntchito cha munthu wina. Nsapato imodzi panalibe. Mapazi anali otupa, milomo yosweka, ndipo chifuwa chinkalira ngati chitseko chakale. M'manja munali kachitini.

Amene anawasunga anali mayi wosesa padepotipo, wamfupi, wolankhula mofulumira.

"Ine ndinawaona dzana madzulo, atanyowa chonchi, akuyang'ana basi iliyonse. Ndati mayi mukupita kuti, akuti ndikudikira amuna anga. Dzina lawo ndani, sakudziwa. Kwanu n'kuti, sakudziwa. Ndiye taona kachitinika. Tati mwina muli kapepala, anthu ena amatero. Ndati tabweretsani tione, ee, ngati ndawaponda pachilonda! Anakuwa depoti yonse. Kondakitala wina anati alande, anamuluma chala, mpaka pano wamanga nsanza. Akuti amuna anga anati ndisapatse munthu. Ife tinangoti basi, mwina ndi mankhwala a anthu, tisaputepo tsoka."

Anatsitsa mawu. "Dzulo njala itawagwira ndinawaona akufuna kutsegula okha. Taonani zalazo."

A Mawaya anayang'ana. Zikhadabo ziwiri zinali zothyoka, magazi atauma m'mbali. Pa tepi panali timizere tambirimbiri, koma tepiyo inali chimatire. Inali ntchito ya katswiri.

Namwino anali atagwada, akumva kugunda kwa mtima pa dzanja la amayi ake. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo, muli chiyani umu?"

"Maswiti. Piritsi. Ndi kapepala ka nambala."

"Kapepala kali m'kati?"

"Kuti kasanyowe."

"Mwamata kapepala m'kati, ndiye mwawauza kuti asapatse munthu?"

A Mawaya anayang'ananso tepi ija. Zaka zonse zija kachitini kankatsegulidwa ndi mwiniwake, munthu wa zala zolimba wodziwa chimene akufuna. Sanaganizepo ngakhale kamodzi kuti aka kanayenera kutsegulidwa ndi mlendo. Nambala yawo inagona masiku awiri pakati pa anthu mazanamazana okhala ndi mafoni, youma bwinobwino. Chisoni chimene anamva pamenepo chinali chosakanikira ndi manyazi. Mayi wosesa uja anawapatsa ndowa yovundikira kuti akhalepo.

Amayi anagona m'chipatala masiku anayi. Za ulendo sanakambirane, monga anapanganirana. Namwino analongedza chikwama cha amayi ake, ndipo a Mawaya ankangomupatsira zinthu: mpango uwu amaukonda, sopo uyu ndi amene sawayabwa, tiyi amamwa wosatentha kwambiri. Mwanayo ankangoti, "Chabwino, bambo," osawayang'ana, poti akanawayang'ana akanalira.

M'mawa wa ulendo, mkamwini wawo anabwera ndi galimoto ya mnzake. A Mawaya anali atalemba kapepala kena, ka nambala ya namwino ndi ya mkamwini, ndipo anali atagula tepi yoonekera m'kati. Ankafuna kukamata kunja kwa chivundikiro, pamene aliyense angawerenge osagwira n'komwe. Inali ntchito ya mphindi imodzi, ndipo inali ntchito yokhayo imene inawatsalira yochitira akazi awo.

Amayi anali atakhala kale kumpando wakumbuyo, kachitini kali pamiyendo. A Mawaya anawerama pawindo.

"Amayi, tandipatsani kachitiniko pang'ono. Ndikubwezerani pompano."

Amayi anawayang'ana bwinobwino, kuyambira ku imvi mpaka ku manja, mwaulemu wonse umene ankalandirira nawo alendo. Kenako anakokera kachitini pachifuwa.

"Pepani bambo, si kanga. N'ka amuna anga. Anati ndisapatse munthu."

"Ndine amene, amayi. Ndine ndinakusungitsani."

Amayi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakufuna kuchititsa mlendo manyazi. "Iyayi, bambo. Amuna anga ali pa polo. Abwera madzulo."

Namwino anatembenukira kumbali, dzanja lili pakamwa. Mkamwini anayang'ana chiwongolero. A Mawaya anaima choncho, kapepala m'dzanja limodzi, tepi m'dzanja lina. Akanatha kulanda, poti zala za amayi zinali zitatha mphamvu. Koma m'mutu wonse umene unali utakhuthuka uja munatsala chinthu chimodzi chokha chochokera kwa amuna awo, ndipo chinali chomwechi.

"Mwasunga bwino, mayi," anatero. "Ndikawaona ndiwauza."

"Muwauze kuti sindinapatse munthu."

"Ndiwauza."

Kapepala ndi tepi anapatsira namwino pawindo lakutsogolo. Galimoto inatuluka pageti pang'onopang'ono, ikuzemba zithaphwi. A Mawaya anakweza dzanja, ndipo linakhala m'mwamba mpaka pokhota. Amayi sanacheuke. Pagalasi lakumbuyo ankaoneka atapendeketsa mutu, maso ali m'mwamba, akuyang'ana pamwamba pa polo iliyonse imene ankaidutsa.